Mbiri ya Mayi Elube Malizani, Amene Ankalemba Mawu pa Chitseko

Amene tikuwaperekeza lero ndi Mayi Elube Malizani, a Nabanda, omwe anabadwa m'chaka cha 1946 kwa Chakhaza, m'boma la Dowa. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri.

Sukulu analekeza Sitandade 5, chaka chimene bambo awo anamwalira. Nkhani imeneyi sankakonda kuikamba.

Mu 1966 anakwatiwa ndi Bambo Gilford Malizani, mphunzitsi, ndipo mu 1974 banjali linasamukira kuno ku Biwi. Malemu anapeza ntchito yopinda mapepala pa kampani ina yosindikiza mabuku m'tauni. Tsiku lina mabwana awiri anaima pafupi nawo n'kuyamba kukamba za iwo m'Chingerezi, uku akuseka. Sanatolepo kanthu. Atafika kunyumba anapempha dikishonale ya amuna awo, nati: "Nkhani yanga sidzakambidwanso pamaso panga ine osaimva."

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ankalemba ndi choko mawu atatu ovuta a Chingerezi pa chitseko cha khitchini, otola m'mapepala owonongeka a kuntchito. Liwu silinkafufutidwa kufikira atalilankhula kwa munthu. Ana awo ndi ogulitsa makala ndiwo analawa zimenezi koposa. Kondakitala wina wa minibasi, atauzidwa kuti ndi "impertinent", anawalondola mpaka pampopi kudzafunsa ngati watukwanidwa kapena wayamikiridwa. Anamuyankha kuti: "Mwananga, ndati ulibe ulemu. Koma pofunsapa wayamba kukhala nawo."

Anachita zimenezi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Amuna awo, ndi satifiketi yawo yonse, anasiyidwa m'mbuyo, ndipo ankati akakakamira m'nyuzipepala, n'kukafunsa kukhitchini.

Malemu anali a mpingo wa CCAP, ndipo anatumikira ngati mlembi wa Chigwirizano cha amayi. Mu 1993, nthawi ya riferendamu, amayi anzawo ankawabweretsera mawu amene amva pa wailesi, iwo n'kumawamasulira popanda kuuza munthu kovotera. Makalata a kukhoti, a kuntchito ndi a kuchipatala a anthu ambiri muli panonu anadutsa m'manja mwawo.

Anayamba kudandaula m'mimba mu Novembala 1996. Mu Januwale zotsatira za kuchipatala zinatuluka, ndipo pa pepala panali liwu lakuti "malignant". Amuna awo analiona, nadziwa kuti ndi khansa. Anauza Malemu kuti ndi zilonda chabe za m'mimba, ndipo atafika kunyumba anabisa dikishonale pamwamba pa wadiropu. Malemu ataifunsa, anawanamiza kuti aneba abwereka.

Panapita masiku atatu. Tsiku lachinayi Malemu anawaitana amuna awo pakhonde, nawauza kuti: "Bambo a Masiye, tsitsani buku lija, lidya fumbi. Liwu limene mukundibisiralo ndinalilemba pa chitseko kalekale, Masiye ali ku sekondale. Inu mukudziwa theka lake. Khalani pansi ndikufotokozereni."

Ndipo anawafotokozeradi, pang'onopang'ono, mawu onse a pa pepalalo, ngakhale amene amuna awo anawadumpha chifukwa cha mantha. Mawa lake anabwerera kwa dokotala ndi mafunso asanu ndi anayi olemba okha. Dokotalayo anakoka mpando n'kukhala pansi. Pomaliza anawafunsa kuti anaphunzira ku koleji iti.

Podziwa nthawi imene yawatsalira, Malemu anapita ku Dowa kukatsanzika abale akutha kuyenda okha. Anayanjana ndi mchemwali wawo amene sanalankhulane naye zaka zisanu ndi chimodzi. Anaphunzitsa mlembi watsopano wa Chigwirizano, nasankha nyimbo zimene taimba lero. Miyezi isanu imeneyo anaigwiritsa ntchito yonse. Amuna awo, amene alemba mbiri ino, akuvomera pamaso panu kuti anatsala pang'ono kuwalanda miyeziyo.

Anatisiya Lolemba, pa 9 Juni 1997, kunyumba kwawo, ali ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi.

Asiya amuna awo, Bambo Gilford Malizani. Ana anayi, Masiye, Ireen, Enerst ndi Lonely. Zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Mchemwali mmodzi ndi alongo awiri.

A Nabanda anapita akudziwa. Apumule mu mtendere.