Nkhanu yaimuna yolera mazira

Pa siteji ya basi, bambo wina wonyamula kamwana anasuzumira m'ndowa ya mayi wogulitsa nkhanu.

"Iyi ili ndi mazira, mayi?"

"Ndi yaimuna imeneyo, bambo. Kathumba kali pamimbako n'ka kachilombo, kachibale ka nkhanu zomwezi. Kamalowa m'thupi, n'kumera mizu mpaka m'miyendo, n'kuifula."

"Kuifula? Ili moyo?"

"Eya. Kenako iyo imasamala mazira a kachilomboko, kuwatsuka, kuwateteza, ngati ake."

"Osadziwa n'komwe?"

"Mpaka kufa."

Bamboyo anapukuta kamwanako mamina.

"Zoopsa zimenezo. Uyutu si wanga, mayi, ndinamupeza ndi amake. Koma ine palibe chinandilowa m'thupi. Ndinachita kumufuna ndekha."