Sipanala Yosowa ndi Buledi wa Ana Anga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero ndikuuzani za chaka chija cha njala, pamene ananditcha wakuba pamaso pa anthu. Si khalidwe langa kukwiya msanga, koma ndikakumbukira nkhaniyi ndimakwiyabe.

Mkazi wanga atamwalira, ndinasiya ana anga awiri kwa mlongo wanga ku Ngokwe, ndi kupita kutauni kukaphunzira kukonza injini za ndege. Ndinali wamkulu kuposa ophunzira onse, poti ndinachokera kokonza zigayo. Kumudzi anthu ankadya madeya ndi nyika, mizu ya maluwa a m'madzi yokumba ku nyanja ya Chiuta. Kuntchito ankatipatsa tiyi ndi buledi. Ine ndinkangomwa tiyi, buledi ndinkaumika padzuwa kuti akapezeka wopita kwathu ndiwatumizire ana.

Ntchito imeneyi ili ndi lamulo lake. Chida chilichonse chili ndi malo ake pa bolodi, ndipo chikasowa ngakhale chimodzi ndege singanyamuke mpaka chipezeke, poopa kuti chatsalira mu injini. Tsiku lina sipanala yaing'ono inasowa, eni ndege akudikira panja. M'malo motsegulanso injini, akapitawo athu anakhuthula chikwama changa. Zidutswa za buledi wouma zinamwazika pasimenti.

"Taonani nkhokwe ya ku Ngokwe!" anatero. "Wobisa buledi angalephere sipanala? Wagulitsa ameneyu. Ndege ipite."

Anthu anaseka. Ndinagwada ndi kutola buledi wa ana anga, ndipo akapitawo anandichotsa tsiku lomwelo.

Nkhope yokaonekera nayo kwa ana ndinalibe. Ndinatsikira pa Balaka ndi kuyamba ganyu wosenza matumba pa depoti. Pemphero langa silinali laulemu, abale. Ndinkati: Mulungu, munanditengera mkazi, mwatseka mvula, tsopano mwalola atenge ndi dzina langa lomwe? Chimene chinkandiotcha kwambiri nchakuti munthu uja anagwiritsa ntchito njala ya ana anga kuphimba ulesi wake, osasamala ngakhale miyoyo ya okwera ndegeyo.

Yankho linabwera kudzera mwa munthu amene sitinkapitirira moni. Che Saidi, injiniya wachisilamu wa ku Balaka komweko, ndiwo ankavomereza kuti ndege inyamuke. Anandipeza thumba lili pamutu.

"Achimwene, tulani chimenecho, mwatizunza kukufunani," anatero. "Ine ndinakana kuti ndege inyamuke. Ndinawauza kuti iyayi, buledi ndamuona, koma sipanala sindinaione."

Anandifotokozera kuti anawakakamiza akapitawo kutsegula injini, ndipo sipanala inapezeka mkati, pamalo pamene anagwira akapitawo okha. Che Saidi anali atapita kale kwa akuluakulu kukayankhula za ine, ndipo tsiku limene anandipezalo anandipatsa ufa wa kunyumba kwawo kuti ndiyambe ndakaona ana.

Akuluakulu anandilola kubwerera, ndinamaliza maphunziro, ndipo ana anga anapulumuka chaka chimenecho. Akapitawo aja sanapepese. Ndimapempha Mulungu andithandize kuwakhululukira, koma sindikunamizani, sindinafikebe.

Ndikuthokoza Ambuye amene anamva pemphero la munthu wokalipa, osamutaya. Inu amene akukunamizirani chifukwa ndinu osauka, musaleke kupemphera, ngakhale mawu atatuluka owawa. Buledi uja ndinafika naye ku Ngokwe, ndipo ana anga anamudya ndi mutu woweramuka, chifukwa bambo awo sanali wakuba. Amen.