Wondilandira Sanabwere

Olemekezeka oimira a Bwanamkubwa wa boma lino la Mangochi, akuluakulu a polisi, mafumu athu, mashehe ndi abusa, wapampando wa bungwe la alonda, mayi Nuru Atumani, eni makampani olemba alonda, ndi inu alonda nonse amene lero mwakhala pamipando ine nditaimirira: assalamu alaikum, ndakulonjerani nonse.

Ndikuthokoza kuti mwandiitana kudzatsegula nyumba iyi yopumuliramo alonda, imene mwaimanga nokha, wina kubweretsa njerwa, wina kudzaponda dothi ataweruka. Koma ndiulule kuti kalata yanu itandipeza ndinachita manyazi, ndipo mumva chifukwa chake.

Ambiri mumanditchula mayi wa aisi, poti ndimagulitsa madzi oundana kwa ogula nsomba. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, kampani ina, dzina ndisunga, inanditumizira mlonda, Che Dinala a ku Lungwena, bambo ofatsa, odziwa wogula aliyense ndi dzina lake, amene chifikireni chawo ngakhale ndowa sinasowepo pamalo panga.

Lolemba lina masana, m'mwezi wa Ramadani, dzuwa lathu lino likuswa mtengo, ndinafika ndi alendo ochokera ku Blantyre. Ndinawapeza Che Dinala atakhala pa njerwa, jombo atavula, maso ali psuu. Ndinakalipa. Iwo anadzuka movutikira nati, "Pepani mayi, wondilandira sanabwere."

Ine ndi mtima wapachala wangawu ndinati, "Akulandireni ndani? Mwasanduka mlendo? Tikuphereni nkhuku?" Alendo anga anaseka ngati mmene mukusekeramu. Ndinaimba foni ku kampani, mawu awiri okha: "Tisinthireni mlonda." Ola lisanathe njinga yamoto inatula munthu wina pageti.

Amene ananditsegula m'maso patapita miyezi ndi mayi Nuru omwewa, omwe nthawi imeneyo ankayendera alonda. Anati, "Mayi, kwathu kuno kulandira munthu n'kumulowa m'malo kuti akapume, ndipo mlonda sachoka pageti mnzake asanafike." Che Dinala anali ataima pamenepo kuyambira Lamulungu m'mawa. Akaimba ku ofesi ankangouzidwa kuti adikire. Kusala anamasula ndi madzi a pampopi, mapazi anatupa mpaka jombo kukana, koma geti langa sanalisiye. Akanafuna akanapita kwawo, ndani akanawaona?

Abale anga, mlonda wa kontirakiti ali ndi mabwana awiri, womulemba ndi wolonderedwa. Akalakwa onse awiri amamudziwa, akatopa aliyense amaloza mnzake. Chifukwa cha foni yanga ija, bambo a ana asanu anakhala miyezi inayi opanda geti, akukoka makoka a eni ake ku Lungwena.

N'chifukwa chake ndimakupatsani ulemu, inu amene mumatsegulira anthu osakupatsani moni, inu amene mumasunga chuma chimene simudzachilawa, inu amene mumanyowa ndi mvula kuti katundu wathu asanyowe. Kukhulupirika kotere sikugulidwa pamsika. Ndipo kwa inu eni makampani, ndi kwa ife olonderedwa, pempho langa ndi laling'ono: womulandira mnzake azifika pa nthawi yake, pageti pazikhala mthunzi ndi madzi, ndipo tisanaimbe foni tizifunsa kaye kuti munthuyu waima kuyambira liti.

Nditadziwa zoona ndinalemba kalata, kampani inawabwezera ntchito pa geti lina. Koma kalatayo inapita ku ofesi. Kwa eni ake sindinanene kanthu. Zaka zonsezi ndikamadutsa pomwe amalonda, iwo amandikwezera dzanja, ine ndimanamizira kuyang'ana foni.

Che Dinala, ndakuonani kumbuyoko. Ayi, musaimirire, chonde khalani. Ndinakunyozani pamaso pa anthu, ndiye n'koyenera kuti ndipepesenso pamaso pa anthu. Munali okhoza, wolakwa ndinali ine. Pepani, bambo anga. Mundikhululukire.

Ndi mawu amenewa, ndiponso ndi mtima umene tsopano wapepuka, ndikulengeza kuti nyumba yopumuliramo alonda a m'boma la Mangochi yatsegulidwa kuyambira lero.

Zikomo kwambiri.