Makutu a Bambo Maliko Sailesi

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1921 kuno ku Chia, ndipo anabatizidwa dzina la Maliko. Anaphunzira pa sukulu ya mishoni mpaka Sitandade 3. Mu 1944 anamanga banja ndi mayi Esitere a ku Benga, amene akhala apawa.

Mu 1948 analowa ntchito yothira mafuta ku njanji, ku Salima. Chuma chawo chinali makutu. Injini za dizilo zitabwera, ena ankazidziwira manambala, koma iwo ankazidziwira kulira. Akabwera kutchuthi ankatifotokozera kuti yaikulu imazungulira pang'onopang'ono, ndiye imagunda ngati musi mumtondo. Yaing'ono imathamanga, ndiye imangolongolola. Ina imaimba mluzu chifukwa ili ndi chopemerera mpweya m'kati. Ankaziyerekeza ndi pakamwa, ife n'kumafa nazo kuseka.

Mu Okutobala 1963 anamva injini ina ikudumphitsa kagundidwe, ndipo anauza kapitawo wawo, bambo Hubert, mwana wa ku Mwadzama konkuno. Kapitawoyo anaona ngati akumunyozetsa pamaso pa mzungu woyang'anira ntchito, choncho anawaomba makofi m'makutu onse awiri. Patapita masiku atatu injini ija inafera panjira, monga malemu ananenera. Koma makutu anali ataphulika kale. Anatuluka mafinya mpaka anagontha.

Pa 11 Febuluwale 1964, akudutsa njanji ndi chitini cha mafuta, injini yaing'ono ija inawagunda chakumbuyo. Munthu amene ankaimva isanaoneke n'komwe! Anagona m'chipatala masiku asanu, ndipo anatisiya Lamulungu pa 16.

Tamva kuti bambo Hubert akufalitsa zoti malemu anali ataledzera. Bodza lamkunkhuniza! Bambo Maliko mowa sanaulawepo, nonse mukudziwa. Matabwa a bokosi amene kapitawoyo watumiza ndi awo ali pansi pa mtengo wa mango. Sitinawakhudze, ndipo amene wawabweretsa awasenzenso. Bokosi ili takhoma ndi chitseko cha nyumba ya malemu.

Malemu asiya mkazi ndi ana atatu: Timoteyo, Dora ndi Betty. Tikuthokoza ampingo, adzukulu, ndi anzawo a kuntchito amene anyamula thupi kuchokera ku Salima, natiuza zoona.

Mzimu wa bambo Maliko uuse mumtendere. Koma amene anawagonthetsa, makutu ake Mulungu awasunge bwino, kuti injini ikalira aziimva, mpaka tsiku lake.