Bambo Raymond Mwale, Mphunzitsi wa Milandu Yopeka

Mafumu, akuluakulu a mpingo ndi anamalira nonse, malemu Bambo Raymond Sunganani Mwale anabadwa pa 9 Malichi 1971 konkuno kwa Kaluluma, achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Anakula akusoka fodya m'zigafa za bambo awo, ndipo inu amene munaphunzira nawo pulayimale mukuzikumbukira zala zawo zakuda ndi utomoni. Sekondale anaphunzira ku Kasungu, ndipo mu 1995 anayamba kuphunzitsa masamu.

Pa 14 Ogasiti 1999 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Catherine a ku Lisasadzi.

Mu 2008 anabwerera kusukulu kukaphunzira za makompyuta, ndipo mu 2013 anayamba kuphunzitsa pa koleji ina ku Lilongwe luso lofufuza umboni wa milandu m'mafoni ndi m'makompyuta. Milandu yeniyeni sakanaipereka kwa ophunzira poti imakhala ndi zinsinsi za anthu, choncho ankapeka yawo. Akabwera ku tchuthi ankagula mafoni otha mumsika wa Kasungu, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango uwo, iwo uku mayi uko, kumatumizirana mauthenga ngati zigawenga. Mayi Catherine ndiwo ankakhala Feggie, mkulu wa zigawengazo. Akatha ankafufuta zonse, n'kukapatsa ophunzira kuti azifukule. Tsiku lina apongozi awo anawerenga uthenga woopseza m'foni ya mwana wawo, n'kuitanitsa ankhoswe. Ine ndinali mmodzi wa ankhoswewo. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Koma ntchitoyi sinali yamasewera. Mlandu wina anaukonza moti umboni wonse unkaloza mlonda wosalakwa. Kalasi yonse inati mlondayo ndi wolakwa, osaona kuti wina anabweza m'mbuyo wotchi ya kompyuta. Malemu sanakalipe. Anangoti, "Lero mwamangitsa munthu wopeka. Mawa adzakhala bambo weniweni, wa ana ake."

Mu 2021 mmodzi wa ophunzirawo, Mayi Miriam Chirwa, anakumana ndi chinyengo chomwecho pa mlandu weniweni, ndipo umboni wawo unamasula mphunzitsi wina amene ankanamiziridwa kuti watulutsa mayeso. Aphunzitsiwo, Bambo Simeon Nkhoma, sanaonanepo ndi malemu. Atamva uthenga wa malirowa dzulo, apalasa njinga kuchokera ku Santhe kudzapempha kuti anyamule nawo bokosi, ndipo banja lavomera.

Chakumapeto kwa 2023 malemu anayamba kudwala impso, n'kubwerera kuno kumudzi. Manja atayamba kunjenjemera, ankangonena milandu yopekayo pakamwa, mayi n'kumalemba. Atisiya Lolemba pa 3 Febuluwale 2025 pa chipatala cha Kasungu, ali ndi zaka 53.

Asiya mayi a kunyumba, ana atatu, Olive, Paul ndi Rute, komanso zidzukulu ziwiri.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, amayi a mvano, adzukulu amene akonza nyumba yawo yomaliza, ndi ophunzira awo amene abwera pa basi yodzaza. Ophunzirawa anafunsa m'mawa uno kuti mlandu womaliza umene malemu anawasiyira, wolakwa ndani. Mayi Catherine akuti yankho akulidziwa, koma amuna awo anawaletsa kuulula. Ana inu, kafufuzeni.

Achimwene, pitani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere.