Koloko ya a Gondwe

Moni kwa inu nonse a mumpingo wathu wa ku Katoto, makamaka inu achinyamata amene mumandiona ndikukonza mawotchi pakhonde la msika n'kumayesa kuti ndinabadwira pamenepo. Ndinali ndi sitolo yangayanga, ya chitseko ndi magalasi. Ndifuna mumve m'mene inandichokera ndi m'mene Mulungu anandiwombolera m'ndende, pakuti amene anaona zinthuzi akutha, ndipo otsalawo asankha kuiwala.

Ndinadza ku Mzuzu kuchokera ku Zomba ndi luso limene ndinaphunzira ku mishoni. Aphunzitsi, anamwino ndi akalaliki a m'maofesi onse ankabweretsa mawotchi awo kwa ine. Ntchito itachuluka ndinaitanitsa Wilisoni, mnzanga wa kumudzi kwathu, munthu wabanja lake. Ndinamphunzitsa ntchito, ndipo ankadya pakhomo panga ku Mchengautuwa ngati mbale wanga.

Masiku a chipani chimodzi aja, m'sitolo iliyonse munkapachikidwa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, ndipo panalibe chinthu chololedwa kukhala pamwamba pake, kaya kalendala, kaya koloko. Tsiku lina kunadza a Gondwe, mphunzitsi wopuma wa ku Kaning'ina, atanyamula koloko yaikulu ya pakhoma. Mkuluyu sankatikonda ife a kummwera. Chichotsereni Chitumbuka pa wailesi anali atalumbira kuti Chichewa sichidzatuluka pakamwa pawo, ndipo ukawapatsa moni ankangoyankha m'Chitumbuka kuti "yewo" maso ali kumbali. Koloko yawo inali ndi chitsulo chachitali cholendewera, chofuna malo okwera kuti chiziyenda uku ndi uku. Sanalole wina kuigwira. Anakwera okha pampando, nakhoma msomali pafupi ndi denga, naipachika. Ine maso anali pa kawotchi ka munthu wina, sindinayang'ane kuti koloko yapitirira chithunzi.

Wilisoni anayang'ana. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma iye sananditsine khutu, anapita kukauza anyamata a chipani. Anadza ndi zibonga dzuwa lili pamutu, nandikoka pamaso pa anthu a mumsika, nanena kuti ndanyoza mtsogoleri. Atandifunsa amene anapachika kolokoyo sindinatchule dzina. Musayese kuti kunali kulimba mtima ayi. Ndinkadziwa kuti kutchula mnzako sikukutulutsa, kumangowonjezera munthu m'chitokosi.

Anandisunga popanda mlandu, nandiuza kuti galimoto ikadza ndidzapita ku ndende ya kummwera, kumene anthu ankalowa osabwerako. Ndinapemphera mpaka mawu anandithera. Masalimo amene ndinaloweza ku mishoni anasanduka ngati mchenga m'kamwa. Koma chimene chimandiwawa kufikira lero si chitokosi. Mkazi wanga, Naphiri, akalowa m'tchalitchi amayi anzake ankasendera kutali pabenchi. Akapita ku mpopi, anthu ankasiya zidebe zawo n'kuchoka. Esinati, mwana wathu wotsiriza, anadwala chikuku, ndipo mkulu wa mpingo amene anali ndi galimoto anati mafuta alibe. Naphiri anam'bereka kumbuyo kupita naye kuchipatala, nabwerera ndi nsalu yokha. Pamaliro panalibe ngakhale woyambitsa nyimbo.

Thandizo linadzera kumene sindinaliyembekeze. A Gondwe atamva, anavala jekete ndi tayi, nayenda pansi kuchokera ku Kaning'ina kufika kwa wapampando wa chipani, amene kale anali mwana wa sukulu wawo. Amene analipo anandiuza kuti mkuluyo anakana mpando, ndipo pofuna kuti anyamata a kummwera amene anali pakhomopo amve okha, anathyola lumbiro lawo nalankhula Chichewa: "Koloko ndi yanga, msomali ndinakhoma ndine. Ngati pali wokwera galimoto, ndine. Iwe mwana wanga, undimange wekha ndi dzanja limene ndinaliphunzitsa kugwira choko."

Wapampando sanathe kuwayang'ana kumaso. Nkhani inasanduka kuphonya chabe kwa nkhalamba, ndipo ine ananditulutsa galimoto ija isanafike.

Ndinapeza sitolo ili m'manja mwa Wilisoni, pamodzi ndi zipangizo zanga zonse. Sanandibwezere. Iye anakalamba ndi ulemu wake, ndipo ena a inu munam'dziwa akutsogolera mapemphero. Ndayesa kum'khululukira monga Ambuye alamulira, koma sindikunamizani kuti bala linapola. Ndinayambiranso pakhonde ndi katebulo kobwereka, ndipo woyamba kudza anali a Gondwe, koloko yomwe ija ili m'manja. Ndinawathokoza ndi misozi. Iwo anangoti, "Yewo chomene, adada," naiika kolokoyo pansi, pambali pa mapazi anga.

Ndiyamika Mulungu amene anatuma munthu wosandikonda pamene ondiyimbira nyimbo za ubale anatseka zitseko. Inu amene muli m'masautso musaleke kupemphera, ngakhale pemphero litauma pakamwa, pakuti Iye ali ndi atumiki amene inu simuwawerengera. Ndipo inu achinyamata, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mnansi wanu akagwidwa, musayambe mwafunsa chimene walakwa. Pitani pakhomo pake masana anthu akuona, mupatseni moni mkazi wake, ndipo mwana akadwala mum'nyamule.