Chipsera cha Tadala

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine mayi ake a Tadala, ndimachapa zovala pa loji ina ku Senga Bay. Mwana wanga anabadwa ndi mlomo wam'mwamba wong'ambika mpaka kumphuno, ndipo zimene anthu ankanena sindingazibwereze pano.

Atamuchita opaleshoni ku Lilongwe ndinkati basi zatha. Koma bala litapola, chipsera chinafiira, chinauma gwa, n'kuyamba kukokera mlomo m'mwamba. Mphuno nayo inali yophwatalala mbali imodzi. Anamwino anandiuza kuti ndizisisita chipseracho ndi vaselini tsiku lililonse, koma mwana ankalira, ine n'kusiya. Ndinakwiyira madokotala, ndipo ndisaname, ndinakwiyiranso Mulungu. Pemphero langa linali limodzi: Ambuye, anthu adzaona liti nkhope ya mwana wanga, osati mlomo wokha?

Tsiku lina ndinabereka mwana n'kunyamuka kuti ndikawalalatire a kuchipatala cha ku Salima. Pakamwa panga anthu amapadziwa. Nditatsika minibasi padepoti ya Salima ndinakwera kabaza wa bambo wina wachisilamu wa ndevu zambiri. Atandimva ndikung'ung'udza kumbuyo, anaimitsa njinga n'kupempha kuona mwana. Kenako anakweza ndevu zapamlomo ndi chala. Panali kamzere kowonda, kotuwa.

"Mayi, inenso anandisoka," anatero. "Chipsera chimayamba chakoka, kenako chimafewa. Wallahi, musasiye kusisita."

Ukali wonse unathera pamenepo. Kuchipatala ndinafika ngati mwana wasukulu, ndipo anamwino anandionetsanso kasisitidwe kake. Tadala ankalira, ine ndinkaimba nyimbo ya kwaya, chala chili pantchito. Patapita miyezi chipsera chinafewa, mlomo unatsika n'kulingana ndi mbali inayo. Mphuno ikadali yopendekera pang'ono, madokotala akuti adzaionanso akakula, ndipo mtima wanga uli m'malo.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira thandizo panjinga. Inu amene mukudikirabe yankho, musatope, ngakhale zinthu zitaoneka ngati zaipiraipira.

Sabata yatha tili pamsika ndi bambo ake, mayi wina wogulitsa usipa anamuyang'anitsitsa Tadala. Ine ndinali nditakonza kale zomuyankha. Koma mayiyo anangoseka n'kutembenukira kwa amuna anga.

"Bambo, mwana uyu simungamukane. Nkhope yonseyi ndi yanu!"

Ndinalira pomwepo, usipa uli m'manja. Ambuye alemekezeke.